Moto wa a Fackson M'nyumba Yopanda Denga

Ine, Ennie Kachingwe, wa zaka 67, wokhala ku Epworth chakumunsi kwa miyala ija yosanjikizana, wogulitsa masamba pamsewu wa makombi, maminibasi aja, ndikunena izi lero Lachisanu pa 14 Febuluwale 2025. Ndikulankhula Chichewa chifukwa Chishona changa ndi chogulitsira tomato, sichinganyamule nkhani ngati iyi. Mulembe momwe ndikunenera, mwanangu, musandidulire mawu.

A Fackson Kachingwe, amene anansi athu a Tendekai anadzawadandaulira kuno kupolisi kuti anayatsa moto pamalo pa eni ndi kuwamenya ndi chitsulo, ndi amuna anga. Ali ndi zaka 75. Tonse tinabadwira papulazi ya fodya cha ku Mvurwi, makolo athu anachokera ku Malawi. A Fackson ankagwira ntchito yosonkhezera moto wa balani, nyumba yowotcheramo fodya, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pulaziyo titachokapo mu 2002, anzathu ananyamula mipando ndi nkhuku, iwo ananyamula chitsulo chawo chosonkhezera moto, chotalika ngati kuchokera pansi kufika pachifuwa changa. Chimakhala kuseri kwa chitseko.

Mutu unayamba kuwavuta zaka zinayi zapitazo. Amamwa mankhwala a kukiliniki ndipo nthawi zambiri amakhala bwinobwino, kundithandiza kumanga masamba. Koma ikafika Febuluwale, mvula ikagwa padothi lotentha, amayamba kununkhiza m'mwamba ngati akumva utsi wakutali. Mu 2022 anayatsa moto pamsewu, anthu anaitana apolisi. Anawakoka pamotopo ali anthu anayi, kuwamanga unyolo, nakagona m'selo masiku awiri. Atatuluka anakhala miyezi itatu osalankhula, dzanja lamanzere mpaka lero silifumbata bwino. Sindikuloza munthu chala, ndikungoti mudziwe chimene ndikuopa. Akabwereranso m'selo, ameneyo sindidzamuonanso ali munthu.

Lachiwiri pa 11 Febuluwale ndinadzuka 5 koloko m'mawa. Pamphasa panalibe munthu, kuseri kwa chitseko kunalibe chitsulo. Panja, madengu anga awiri a repu ndi mpiru, amene ndinapikula dzulo lake, anali mbee, opanda ngakhale tsamba limodzi. Ndinati kalanga ine, akuba afika mpaka pa repu? Kenako ndinaona utsi.

Utsiwo unkachokera m'nyumba ya njerwa yosamaliza ya a Tendekai, mamita ngati makumi atatu kuchokera pakhomo pathu. Ndi chipinda chimodzi, chopanda denga, chopanda chitseko. A Tendekai ndi anansi athu, ali ndi kagolosale pomwe amagulitsanso gasi wophikira. Mabotolo a gasiwo amakhala m'kakhola ka waya, mapazi khumi okha kuchokera pakhoma la nyumbayo.

Nditasuzumira ndinaima kaye. Anali atapingasa nsungwi kuchokera khoma ili kufika khoma lija, mizere inayi, ndipo masamba anga onse anali atamangidwa awiriawiri ndi ulusi wa thumba, akulendewera mozondoka monga timapachikira fodya. Kumanga kwake kwaukhondo, mfundo iliyonse yofanana ndi inzake, ndi dzanja lopuwala lomwelo. Dzuwa linali likungotuluka, kuwala kukudutsa m'masambamo, utsi ukukwera pang'onopang'ono. Ndikuuzeni zoona, kwa kanthawi inenso ndinaiwala kuti ndili ku Epworth. Ndinamva ngati simbi ya kukomboni, belu loitanira antchito lija, ilira tsopano lino, thirakitala ibwera ndi ngolo, ndipo ine ndine mtsikana uja wobweretsa tiyi m'chigubu. Moto unali panja, pabowo la m'munsi mwa khoma lakum'mawa, waung'ono, wa nthambi za mango. Iwo anali atanjuta pambali pake, chitsulo chili m'manja.

Ndinati, "Bambo a Rumbi, masamba anga!" Anandiyang'ana mokoma, nati, "Ika tiyi pamenepo, Ennie. Usatsegule chitseko, kutentha kungathawe." Chitseko chake chiti, poti palibe.

Cha m'ma 7 koloko a Tendekai anabwera kudzatsegula golosale. Ataona moto pafupi ndi gasi anakuwa. Sindiwanena, aliyense akanakuwa. Anthu anasonkhana, mwina makumi anayi, ena akuseka, ena akujambula ndi mafoni, ena atatola miyala. A Tendekai anathamanga ndi ndowa ya madzi kuti akhuthulire pamoto. A Fackson anadzuka ngati mnyamata, nazunguza chitsulo. Chinamenya ndowa, ndowayo n'kuwagunda a Tendekai pamkono. Ndinaona ndi maso anga, chitsulo sichinakhudze thupi. Atatero anaima kutsogolo kwa moto, miyendo tang'a, akukalipa m'Chichewa chokhachokha, poti akadwala Chishona chimawathawa. Wina anakuwa kuti aitane apolisi, a Tendekai n'kuimba foni.

Ine m'chikwama changa cha m'khosi munali kakhadi kamene anandipatsa kukiliniki chaka chatha. Anati munthu wodwala mutu akavuta, muyambe mwaimba nambala iyi, kubwera anamwino. Ndinkati ndi zonena chabe, za m'mapepala. Koma ndinaimba, nthawi ili 7:40.

Wapolisi mmodzi anafika 8:30. Patangopita mphindi zochepa inafika kagalimoto koyera, kopanda sairini. Munatuluka mayi wamfupi wonenepa, wovala juzi ndi nsapato zafulati, anati dzina lake ndi Sisita Vimbai, namwino wa matenda a maganizo. Anali ndi bambo wina wothandizana naye amene ankayendetsa. Ndinati mumtima, ha, kamayi aka ndiye kalimbane ndi chitsulo? Anayamba wapita kwa wapolisi uja, nalankhula naye motsitsa mawu. Wapolisiyo anabweza unyolo m'lamba, nakaima pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kumabweza anthu m'mbuyo. Ameneyo ndimuthokoze, mulembenso zimenezo.

Kenako Sisita anauza a Tendekai kuti, "Munthu sitingamuchotse pamoto msanga, koma gasi tingamuchotse." Anthu anayi ananyamula mabotolo onse asanu ndi awiri kukawaika kuseri kwa tchalitchi, kutsidya kwa msewu. Chiyambire m'mawa tonse tinkangolimbana ndi nkhalamba, palibe anaganiza zonyamula mabotolo.

Atatha apo anatenga kreti ya zakumwa, nakhala pansi mapazi asanu ndi atatu kuchokera pa a Fackson, chammbali, osati maso ndi maso. Anatha nthawi yaitali ndithu akungoyang'ana masamba aja. Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Sisita, mwabwera kudzaothera moto kodi? Abayeni jakisoni tizipita!" Anandikodola kuti ndikhale pambali pake, nandifunsa, "Mbuya, kodi akuchita chiyani?"

Ndinati, "Simukuona? Apenga."

Anati, "Ayi, ndikufunsa ntchito imene akugwirayo."

Zaka zinayi, mwanangu, palibe anandifunsapo funso limenelo, ngakhale ine mwini sindinadzifunse. Ndinamufotokozera kuti akuwotcha fodya. Tsiku loyamba moto umakhala wapansipansi kuti tsamba lisanduke chikasu. Ukazima tsamba limada, ukakula balani imapsa, ndipo zonsezo zimagwera wosonkhezera. Anafunsanso kuti, "Nanga wosonkhezera amachoka bwanji pamoto?" Ndinati sachoka. Kaya kugwe mvula, kaya kwanu kwagwa maliro, suchoka mpaka wokulandira afike, umuuze pomwe pali kutentha, umupatse chitsulo m'manja. Ndikulankhula choncho m'pamene ndinazindikira. Anthu anayi aja a mu 2022, ndowa ya a Tendekai, ine ndi kukalipa kwanga, tonse tinkakoka munthu amene sanalandiridwe.

"Ankawalandira ndani?" anatero Sisita. Ndinati Antonio, wa ku Tete, koma anamwalira kalekale, tinamuika papulazi pomwepo. Ndinati mwina bambo oyendetsa galimotowa anamizire kukhala Antonio. Sisita anakana. Anati, "Tikawanamiza lero, mawa sadzatikhulupirira. Tiwauze zoona, koma tiwalandire."

Nthawi ili cha m'ma 10 anayamba kulankhula nawo, ine ndikumasulira. Anawatchula Sekuru, ndiye kuti agogo, nati, "Sekuru, ine ndine Vimbai, namwino. Ndaona ntchito yanu, mwamanga bwino. Mwayamba nthawi yanji?" Anayankha kuti kusanache. Anawafunsa ngati adya, anati Antonio akabwera. Anawasunthira botolo la madzi ndi phazi, pang'onopang'ono, iwo anamwa osasiya chitsulo. Anacheza choncho maola awiri, za nkhuni za bulugamu, za fungo la balani tsiku lachitatu, lija lokhala ngati uchi wapsa. A Fackson ankaloza ndi chitsulo kumene kuli zimbudzi ndi mashedi a anthu, akutchula mabalani khumi ndi awiri mmodzimmodzi, damu, mzere wa mitengo ya jakaranda. Anthu ojambula aja anatopa n'kumapita. Ine ndinkayang'ana kumene akulozako, ndipo pena ndinkaziona.

Itakwana 12 koloko Sisita anati, "Sekuru, mwatopa. Ndikulandireni ine?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naseka. Anati, "Galasi likhale pati lero?" Galasi ndi kachipangizo kopimira kutentha kamene kamalendewera m'balani. Sisita anati sakudziwa, ndipo sananamizire kudziwa. Anangotembenukira kwa ine.

Papulazi mkazi sankagwira chitsulo, ife kwathu kunali kushedi yosankhira masamba. Koma tiyi ndinaperekera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, makutu ndinali nawo. Ndinaimirira. Ndinati, "Lisapitirire handiredi mpaka tsamba lichite chikasu. Nkhuni ziwiriziwiri, zakumapeto kwa ng'anjo."

A Fackson anati, "Antonio ali kuti?"

Ndinati, "Antonio anamwalira, bambo a Rumbi. Munanyamula nawo bokosi. Ndabwera ndine."

Anayang'ana masamba, nayang'ana kumwamba kopanda denga kuja ngati akukuona koyamba. Misozi inatsika. Kenako anatembenuza chitsulo, nandipatsa chakuchigwiriro, monga amachitira. Anati, "Usazime mpaka 6 koloko." Ndinati sindizimitsa. Nthawi inali 12:25. Anayenda okha kupita kugalimoto, Sisita ali pambali pawo osawagwira, nakhala mpando wakutsogolo. Mankhwala anamwa ndi dzanja lawo. Anapita nawo kuchipatala, mwana wathu Rumbi anakawapeza komweko kuchokera ku Machipisa kumene amasoka.

Tsono apa mumvetsetse. M'dandaulo mwalembedwa kuti moto unayaka pamalopo mpaka madzulo. Ndi zoona. Koma kuyambira 12:25 mpaka 6 koloko a Fackson kunalibe. Amene ankasonkhezera ndine. Sisita anandiuza kuti gasi poti wachoka, zili kwa ine ndi eni malo. Ndikanatha kuthira madzi galimoto itangokhota. Koma ndinalandira chitsulo pamaso pa anthu, ndipo munthu uja moyo wake wonse sanasiyirepo mnzake moto wozima. Ndinakhala pakreti paja, nkhuni ziwiriziwiri, kamvula kakuwaza, masamba akufota m'katimo. Cha m'ma 5 nkhuni zinatha. A Tendekai, mkono uli womanga ndi bandeji, anandiyang'ana nthawi yaitali ali pakhomo pa golosale. Kenako anathyola bokosi la tomato, nadzaika matabwa pambali panga. Muwafunse ngati ndikunama. Ndiye ngati mlandu ndi moto, lembani dzina langa, ndipo a Tendekai anabweretsa nkhuni. Itakwana 6 ndinamwaza makala, ndinathira dothi, ndinapita kunyumba ndi chitsulo. Ndi ichi ndabwera nachochi. Mukachisunga ngati umboni, mudzandibwezere.

Dzulo Lachinayi 2 koloko masana ndinakawaona kuchipatala. Anali atagona tulo tabwino masiku awiri, atameta, atakhala pabenchi padzuwa. Sanandipatse moni. Anati, "Tsamba linatuluka bwanji?" Ndinali nditatenga limodzi m'chikwama, lachikasu, louma m'mphepete. Ndinawapatsa ndili ndi mantha, osadziwa kuti andiyankha ali kuti, ku Mvurwi kapena kuno. Analitambasula pabondo, kulisisita ndi chala chachikulu, kuliyang'anitsa padzuwa, n'kulinunkhiza. Kenako anandiyang'ana.

Anati, "Ennie, iyi ndi repu."

Ndinati, "Ndi repu, bambo, madengu awiri athunthu."

Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikulira. Ulendo uja wa unyolo ndinadikira miyezi itatu kuti ndimve mawu awo, ulendo uno masiku awiri. Sisita Vimbai wati abwera kuno Lolemba ndi kalata ya dokotala, ndipo azidzatiyendera kunyumba, makamaka mvula ikayamba. Pempho langa ndi limodzi. Akatuluka m'chipatala abwere kunyumba, asadzere kuno.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo mwandiwerengera ndamva kuti ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Ennie Kachingwe (chidindo cha chala chachikulu chakumanja) ....................

Wolemba umboni: ....................