Tinthu Tonunkhira Mango M'sutikesi Mwanga

Abusa, Amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya! Aa, Ameni ameneyo ndi wa anthu amene angoweruka kumene pa naiti. Aleluya! Eya, bwinoko.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndineneretu, nkhani iyi ngakhale ine mwini wake sindinaimvetse bwinobwino mpaka lero. Ndikamazungulira mundipirire.

Ambiri mukudziwa kuti ndakhala kuno zaka zambiri osapondako kumudzi. Mapepala, abale anga, mapepala. Ndakhala ndikusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake ku Laurel uko, pamene amayi anga ondibala akukalamba ku Balaka, akusambitsidwa ndi ena. Mapepala ondilola kukhala m'dziko lino atatuluka chaka chino, sipanapite nthawi mng'ono wanga anaimba foni. Akuti, "Achemwali, ngati mukufuna kuwapeza amayi akupuma, nyamukani. Maso anasiya kale kuona, tsopano ayamba kukana chakudya." Ndinagula tikiti ya ndege yoyamba imene ndinaipeza. Munali mu Juni. Pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, ndikawapeze ali moyo.

Ndili ndi sutikesi yaikulu yobiriwira imene ndinabwera nayo kuno. Zaka zonsezi inangokhala m'kachipinda kosungiramo katundu, yosaikhudza munthu. Ndinaitulutsa, kuipukuta fumbi, kuyamba kulongedza maganizo ali kwa amayi.

Ndiye inu mukudziwa mmene timachitira. Munthu akangonena kuti akupita kumudzi, sapita yekha, amanyamula mpingo wonse. Kukana sungakane, chifukwa mawa ndiwe udzatume mnzako. Ndipo phukusi la mnzako sutsegula, kutsegula ndiye kumutenga ngati wakuba. Mayi Nyirenda, mwakhala apo, munabwera ndi phukusi lomata tepi mbali zonse, losaoneka ndi pakamwa pomwe. Bambo Zulu munabwera ndi lanu, akuti abale a ku Chipata adzalitengera ku Lilongwe. Enanso munabwera, sinditchula maina. Ine kumangolandira, kumangopanikiza, mpaka kukhalira sutikesi kuti zipi itseke.

M'mawa wa ulendo, mwana wanga Tamanda anandiperekeza pa galimoto kubwalo la ndege, lija la ku Virginia. Tamanda mukumudziwa, ali kumbuyo uko, wamkulu tsopano, ali ku yunivesite. Wandilola kuti ndinene zonse. Ananditsitsa, kundikumbatira, iye n'kubwerera.

Pa kauntala mtsikana wa tsitsi lofiira anandifunsa, "Mwalongedza nokha?" Ndinati eya. Kodi sindinalongedze ndekha? Ndinakhalira ndine. Akuti, "Mulibe mabatire? Mulibe ndudu zamagetsi?" Ndinaseka, abale. Ndinati mumtima, mwana iwe, ukundiona bwino? Ine wotsogolera mapemphero a amayi? Ndinati mulibe. Sutikesi inapita pa lamba wonyamula katundu uja, ine ndinakhala pansi kuti ndipumeko ndisanalowe mkati.

Kenaka ndinangomva dzina langa pa chimkuzamawu. Analitchula molipotokola, moti ulendo woyamba ndinkayang'ana uku ndi uku kuti akuitanidwa ndani. Ulendo wachiwiri ndinazindikira kuti ndi ine. Ndinati basi, amayi atisiya, uthenga wanditsatira mpaka kuno.

Ananditengera pambali, kuseri kwa chotchinga. Ndinapeza sutikesi yanga ili yasa pa tebulo, bambo wina wamtali wovala magolovesi ataima pambali pake. Patsogolo pake anali atandandalika tinthu tating'onoting'ono, tachikasu, tapinki, tonga zolembera zonenepa zija ana amapakira m'mabuku. Kununkhira kwake mango okhaokha, mango akupsa. Ndinati mwina ndi perefyumu wa munthu, ndipo ndinatsala pang'ono kutola kamodzi kuti ndidzipopere.

Bambo uja anafunsa, "Amayi, mukutidziwa timeneti?" Ndinati ayi. Akuti, "Ndi mavepu. Fodya wamagetsi, wosuta n'kutaya." Anafotokoza zambiri, za batire ili mkati, za moto, za pansi pa ndege. Ine Chingerezi ndimachimva, ndimagwira nacho ntchito tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo chinandithawa. Ndinangotolapo mawu awiri: fodya ndi moto. Ndinati kwanga kwatha. Apolisi, unyolo, mapepala anga atsopanowa alandidwa, ndipo amayi ndidzawaona pa chithunzi cha maliro.

Ndinakuwa, "Si tanga! Si tanga timeneti!"

Abale, mawu amenewo ndi amene anandiika m'madzi. Bambo uja anandiyang'ana. Akuti, "Koma mwauza mnzanga kuti mwalongedza nokha." Ndinati eya, koma muli katundu wa anthu. Akuti, "Anthu ake ati?" Ndinati a kumpingo. Akuti, "M'maphukusi mwawomo muli chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Nkhope yake inasintha pomwepo. Anaitana mnzake, akuti ndiye tiyenera kutsegula chilichonse. Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu phukusi la mnzako sutsegula. Ankangondiyang'ana ngati ndikulankhula kutulo. Ine kuyang'ana wotchi, nthawi ikupita.

Ndinatulutsa foni. Ndinayamba ndi inu Mayi Nyirenda. Munati, "Amayi a Tamanda, ine fodya? Ine? Muli zovala zamkati za amayi anga ndi mawigi awiri." Mmene mumanena choncho n'kuti bambo uja atanyamula kale m'mwamba chimodzi mwa zovalazo, akuchiunika. Pepani mayi, zonse zinaonedwa, ndipo ndi zabwino ndithu.

Ndinaimbira Bambo Zulu. Akuti, "Awe amai, ine ninaikamo chabe masokosi na mavitamini. Nikoka lini fwaka ine, mufunse ba madamu." Ndiye kuti iwo sasuta fodya, ndifunse akazi awo. Koma ine mumtima ndinali nditawaweruza kale. Ndinati ndi omwewa, n'chifukwa chake amakonda kukhala pafupi ndi chitseko. Mpingo wonse uno ndinauyendera mumtima mwanga, mzere ndi mzere, mpaka kwaya. Abusa, inu nokha ndi amene munapulumuka, chifukwa simunanditume kanthu.

Maphukusi onse anatsegulidwa. Mulibe kanthu. Nanga tinthu timeneti tagwa kumwamba? Pa chimkuzamawu anayamba kunena za ndege yathu. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinati ndimuimbire Tamanda, mwina ndi Chingerezi chake chothamanga chija awafotokozere anthuwa kuti amayi ake si munthu wotero.

Anayankha ali pa msewu. Ndinati, "Tamanda, andigwira. Apeza fodya wamagetsi m'sutikesi. Pali munthu wa kumpingo wandipereka." Anafunsa, "Totani maonekedwe ake?" Ndinati tachikasu ndi tapinki, tonunkhira mango.

Ndinamva akuimitsa galimoto. Kenaka kamawu kakang'ono, "Mom." Mukudziwa ana athu, ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Koma tsiku limenelo anayankha m'Chichewa chake chothyokathyoka chija. Akuti, "Amama, ndi zanga. Zinali mu kathumba ka mkati, pansi pa nsalu. Ndinabisa kalekale, ndinaiwala." Ndinati, "Iwe Tamanda, m'sutikesi mwanga? Bwanji m'sutikesi mwanga?" Akuti, "Chifukwa sutikesi imeneyo sipita kulikonse."

Abale, mawu amenewo anandilasa. Ananena zoona mwanayo. Sutikesi imeneyo sinkapita kulikonse. Ndipo ine ndinkakhala nyumba imodzi ndi mwana wanga, ndikuthamanga shifiti iyi ndi iyo, osadziwa chimene chikulowa m'chifuwa chake. Ndinafuna kulira, ndinafuna kumukalipira, ndinafuna kukhala pansi. Koma anati, "Amama, mudzandikalipira mukabwera. Auzeni. Pitani mukaone agogo."

Ndinatembenukira kwa bambo uja. Ndinati, "Bambo, ndi za m'nyumba mwanga. Ndi za mwana wanga." Ndinatambasula manja kudikira unyolo.

Iye anangoti, "Chabwino. Ndiye muike m'chikwama chanu cha m'manja."

Ndinati, mwati bwanji? Anabwereza pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndimalankhulira ndi agogo anga a ku ntchito. Akuti si mlandu kukhala nato. Choletsedwa ndi kutiika m'sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa batire ikatentha n'kuyaka kumeneko palibe woiona. Koma tikakhala m'manja mwanu, utsi ukatuluka anthu auona n'kuzimitsa. Musasute m'ndege, musatchaje, basi.

Ndithandizeni kuganiza, abale. Chinthu chimene chingayake, akuti musachiike kutali, chiikeni pamiyendo panu. Chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi, akuti musachibise, chinyamuleni pamodzi ndi pasipoti. Ndinati ndiye ndingotaya mu bini umu. Akuti ayi, mu bini wamba simutayidwa mabatire, dikirani ndifunse kumene mungasiye. Kudikiranso? Ndege ikuitana! Ndinangotiwola tonse, kutiponya m'chikwama momwe munali Baibulo langa ndi mpango watsopano umene ndinawagulira amayi. Anatseka sutikesi, ine liwiro.

Pofika pamene amaunika zikwama za m'manja, thukuta linali kamukamu. Ndinati apa ndiye andigwira zenizeni. Chikwama chinalowa m'makina, n'kupatutsidwa. Mayi wina anachitsegula, anatiyang'ana tinthu tija, n'kutibwezera bwinobwino. Kenaka anatulutsa botolo lalikulu la mafuta odzola amene ndinawagulira amayi kuti ndikawasisite miyendo. Akuti ili ndi lalikulu kwambiri, silidutsa, likanayenera kupita m'sutikesi. Mwamva? Mafuta a amayi analanda, fodya analola. Choyenera pansi ndinaika m'manja, choyenera m'manja ndinaika pansi. Sindinatsutse. Ndinavula nsapato zanga za zidendene, kuthamanga ndi masokosi, mayi wamkulu ngati ine. Ndinalowa m'ndege ndili womaliza, chitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwanga.

Ulendo wonse chikwama chinali pamiyendo. Sindinagone. Ndinkangopisamo dzanja kumva ngati tayamba kutentha. Mzungu amene ndinakhala naye pafupi anafunsa ngati muli kamphaka. Ndinkapemphera mapemphero osokonekera, mwina za amayi, mwina za Tamanda, mwina za batire, moti Ambuye okha ndi amene anawalongosola. Sitinayake. Koma kamodzi kanadontha m'mwambamo, kananyowetsa mpango uja ndi m'mphepete mwa Baibulo. Chikwama chonse mango.

Ndinafika ku Balaka. Mng'ono wanga anandichingamira pa msewu, akuti, "Alipo, koma kuyambira dzana sakulankhula." Ndinalowa m'chipinda. Amayi anga, amene ankasenza thumba la chimanga okha, atatsala ochepa ngati mwana. Ndinagwada, ndinati, "Amayi, ndabwera, ndine." Palibe yankho. Ndinabwereza. Palibe. Ndinati Ambuye, ndathamanga ndi masokosi kuti ndidzapeze thupi lokha?

Ndinatulutsa mpango uja kuti ndiwafunditse, poti kunkazizira. Nditangouika pa chifuwa pawo, mphuno yawo inagwedezeka. Anakoka mpweya. Anakokanso. Kenaka milomo inatseguka. Akuti, "Mango? Mwezi uno?" Anapapasa, kugwira dzanja langa, kulisisita, n'kunditchula dzina langa la paubwana, limene palibe wa inu amalidziwa. Akuti, "Wabwera? Nanga mango awa wawatenga kuti?"

Ndikanayankha chiyani, abale? Kunama sindikanatha, kufotokoza za batire sindikanathanso. Ndinati, "Ndi a mdzukulu wanu Tamanda, amayi." Anamwetulira. Mdzukulu amene sanamugwirepo m'manja, amene ankangomumva pa foni. Akuti, "Ukamuuze kuti ndalandira."

Tsiku limenelo anamwako phala. Tinacheza masiku angapo, anandiuza zonse zimene ankafuna kundiuza, ndinawasambitsa ndi manja angawa. Anatisiya ndili pambali pawo, atafunda mpango womwewo, ndipo tinawaika nawo.

Nditabwerera kuno, Tamanda anadzandilandira maso ali pansi, akudikira mkuntho. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'ndege, aukali ndithu. Onse anathawa. Ndinangoti, "Agogo ako akuti alandira." Tinalira pamalo oimika magalimoto mpaka wa kumbuyo anatiimbira hutala.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti mwana wanga wasiyiratu. Akulimbana nazo, ndipo tsopano tikulimbana nazo awiri, chitseko chili chotsegula. Malamulo a ndege aja musandifunse, sindinawamvetse. Chimene ndagwira n'chakuti mukamanditumanso, phukusi tidzatsegula limodzi, ndipo Bambo Zulu mundikhululukire, khalani pafupi ndi chitseko mmene mungafunire.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndikawapeze amayi ali moyo. Ndinawapeza, ndipo anandidziwa. Baibulo langa ndi ili, likununkhirabe, wokayika abwere adzanunkhize tikaweruka. Zikomo Abusa, zikomo nonse amene munandipempherera. Tamanda, imirira mwanangu, usabise nkhope, bwera kuno. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani nonse mundithandize kuthokoza, chifukwa ndekha sindingathe.