Khadi la Che Amidu

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Aleluya! Inu akumbuyoko sindinakumveni, ndati aleluya!

Ambiri mumanditchula Che Amidu. Ndipo ndimamva mukunong'onezana kuti, mkulu wa mpingo, dzina lachisilamu bwanji? Lero ndikuuzani. Dzina langa la ubatizo ndine Wilisoni, kwathu ndi ku Ntcheu. Linalo ndinachita kubwereka.

Nthawi ya chipani chimodzi ija, ine ndinali dalaivala wa lole yaikulu, yokoka ngolo. Ndinkapita kunja kukatenga feteleza ndi mchere, mwezi wathunthu osaponda pakhomo. Ndinali wamatama, abale. Matama! Ndikakhala pamwamba paja, anthu apansi ndinkawaona ngati nyerere. Makamaka a njinga aja, okwezera usipa ku Namwera. Ndinkawaimbira hutala pafupi penipeni mpaka agwere m'ngalande, dengu uko, njinga uko, ine mano onse pamtunda. Ndinkati, “Chokani, Achawa inu, msewu ndi wa matayala aakulu!” Mulungu andikhululukire.

Achinyamata simudziwa za khadi. Chaka chilichonse munthu ankagula khadi la chipani, n'kulembapo dzina lake. Popanda khadi, pamsika sulowa. Basi sukwera. M'malo ena, ngakhale pachipata cha chipatala pankaima anyamata a malaya ofiira. Mayi woyembekezera ankagula awiri, lina la mwana wa m'mimba. Makhadi a chaka chatsopano atatuluka, ine ndinali kunja. Pobwera ndinati, aaa, ndidzagula, ndani angaimitse lole?

M'mimba munayamba kundipweteka Lachiwiri. Ife madalaivala sitinkadziwa chipatala. Ukati wadwala, abwana amapereka makiyi kwa wina. Ndiye unkagula mapilitsi pagolosale, kumwera soda, ulendo n'kumapitirira. Ndinatero Lachiwiri. Ndinatero Lachitatu. Lachinayi ndinatsitsa feteleza ku esiteti ina ya fodya ku Namwera, mimba itafufuma ngati ng'oma. Pepani amayi, tili m'nyumba ya Mulungu, koma ndinene zoona: kuchimbudzi ayi, ngakhale mpweya sunkatuluka.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, ndikutsika mtsetse wa ku Chowe, maso anachita mdima. Ndinaponda buleki, n'kuimitsa lole pambali. Potsegula chitseko ndinangogwa, phi! Ndinasanza zobiriwira. Kenako ndinasanza zonunkha zimene munthu satulutsira kukamwa. Ndinali ndekha. Malole awiri anadutsa, anzanga enieni, anangoimba hutala poganiza kuti ndaledzera.

Amene anaima anali munthu wa njinga. Bambo wamtali, woonda, wa kachipewa koyera, akukankha dengu la usipa pachitunda. Kaya ndinamugwetserapo m'ngalande tsiku lina, sindidziwa. Sindinkayang'ana nkhope zawo.

Anagwira mimba yanga, n'kupukusa mutu. “Achimwene, awa ndi matumbo. Achimwene anga enieni anafa chonchi. Tiyeni.”

Ndinati, “Lole yanga...”

Iye anati, “Loleyo ikakuikani m'manda?”

Anatsitsa dengu lake, n'kulikankhira pansi pa lole. Usipa wa ana ake, abale, anausiya pamsewu! Anandikhazika pakaliyala, n'kundimanga ndi zingwe za mphira zomangira dengu zija kuti ndisagwe. Potsika ankatsetsereka, phazi likukhuta pansi, pachidikha ankapalasa. Njira yonse ankangoti, “Musagone, achimwene. Dzina langa ndine Amidu, wa ku Nkope. Tchulani. Musagone.”

Titawoloka mlatho wa Shire, anaima pansi pa mtengo wa mango, chipata cha chipatala chikuoneka poteropo. Panali malaya ofiira anayi.

“Khadi muli nalo?”

Ndinaloza thumba la shati. Anatulutsa, anayang'ana, anati, “Ili n'la chaka chatha. Awa ndimawadziwa. Akugonekani padzuwa mpaka mawa, ndipo inu mawa mulibe.”

Kenako anapisa m'thumba mwake, anatulutsa lake, lokulunga bwino m'kapulasitiki, n'kulilowetsa m'shati mwanga. Langa lakale lija analing'amba, n'kulikwirira ndi phazi.

“Kuyambira pano ndinu Amidu. Akakufunsani zambiri, buulani basi.”

Ndinati, “Nanga inu?”

“Ine matumbo anga ali bwino.”

Pachipata anyamatawo anatulutsa khadi m'thumba mwanga, anawerenga, anati wodwalayu alowe. Anthu awiri a m'chipatala anabwera ndi machira. Ndiye mmodzi wa anyamata aja anatembenukira kwa mwini njinga. “Iwe mdala, lako?”

“Ndaiwala kunyumba, bwana. Ndigule lina pompano.”

“Lero sitikugulitsa. Lero tikuphunzitsa.”

Abale, apa ndi pamene pamandiwawa. Akundinyamula pamachira, ndinamva lamba woyamba. Thwa! Ndinamva wachiwiri. Ndinamva njinga ikugwa. Pakamwa ndinali napo. Ndikanatha kunena kuti, musiyeni, khadili n'lake. Ndinatseka maso, n'kubuula monga anandiuzira. Ndinkafuna moyo. Ndinkaufuna kwambiri, ndipo ndinakhala chete.

Dokotala anati matumbo anapotana, mbali ina inali itayamba kuwola. Anandichita opareshoni tsiku lomwelo, n'kudula mbali yowolayo. Anati ndikanachedwa mpaka madzulo, bwenzi ali maliro.

Masabata atatu ndinagona m'wodi ndili Amidu. Namwino akaitana, “Amidu!” ine, “Wawa.” Shehe wina ankabwera kudzaona odwala ake, ankaima pabedi panga n'kundipempherera m'Chiarabu, ine n'kumanamizira kuwodzera. Amayi a mipango kumutu, osandidziwa n'komwe, ankandimwetsa phala la mpunga ndi supuni. Anthu amene ndinkawagwetsera m'ngalande! Bala litayamba mafinya, thupi likutentha, ndinaganiza kuti ndikafa andikulunga m'nsalu yoyera, andiika pamanda a eni, mayi anga ku Ntcheu osadziwa pokalira. Pamenepo ndinaitana Yesu, ine amene ndinamusiya ku Sande sukulu. Ndinati, Ambuye, dzina limene lili pabedipa si langa, koma Inu mukundidziwa. Ndidzutseni, ndikabweze khadi la mwini.

Anandidzutsa. Aleluya!

Ntchito ndinaipeza itatha. Abwana anati dalaivala wothawa lole pamsewu alibe malo. Sindinadandaule. Ndinakwera matola kupita ku Nkope, n'kufunsa nyumba ya Che Amidu ogulitsa usipa.

Ndinawapeza atagona chammimba pamkeka, pakhonde. Munthu wamtali uja. Akazi awo anandiuza zonse. Anyamata a malaya ofiira aja anawamenya ndi malamba, kenako anawapondaponda m'chiuno ndi nsapato, n'kuwataya kuseri kwa msika. Njinga inabwera patatha masiku, yopindika. Dengu lija silinapezeke. Kuyenda ankayenda, koma chowerama, ndi ndodo. Kupalasa njinga kunathera pomwepo. M'nyumbamo munali ana asanu.

Ndinagwada. Ndinalira ngati mwana. Ndinati, “Ndinamva akukumenyani, ndipo sindinayankhule.”

Che Amidu anandiyang'ana. Sindikunamizani kuti anamwetulira, ayi. Anati, “Ndikudziwa kuti munamva. Inenso ndinkadikira kuti mwina muyankhula.” Kenako anati, “Koma mukanayankhula, bwenzi atimenya tonse awiri, inu n'kufa, msana wangawu n'kupita pachabe. Matumbo aja anawongoka?”

Ndinati anawongoka.

“Alhamdulillah. Tsono kulirako kudyetsa ana anga?”

Ndinatulutsa khadi kuti ndibweze. Anakana. Anati akazi awo anawagulira kale lina, ilo linamaliza ntchito yake.

Bala litapola, ndinawongola njinga ija ndi manja angawa. Iwo ankakhala kunyanja kusankha usipa ndi kuuyanika, ine ndinkaukweza ku Namwera. Dalaivala wa lole, pachitunda cha Chowe, ndikukankha dengu! Malole ankandiimbira hutala. Kawiri ndinagwera m'ngalande, ndipo ndinamva dalaivala akuseka. Pamsika ankati, “Wabwera wa Che Amidu.” Pang'ono ndi pang'ono “wa” uja anagwa, n'kutsala Che Amidu.

Tinagwira ntchito choncho zaka zisanu ndi ziwiri. Iwo sanalowe tchalitchi, ine sindinalowe mzikiti. Lachisanu ndinkawaperekeza mpaka pakhomo pa mzikiti, Lamulungu ankandikumbutsa kuti belu lalira. Chiuno chija sichinapole. Chaka chomaliza sankadzukanso. Tsiku la maliro awo abale awo anandipatsa malo kutsogolo, ndinaponya dothi katatu ngati mwana wa m'nyumba.

Lero ndine wokalamba. Ndimakonza njinga pansi pa mtengo pa Nkope pomwepo. Ndinakwatira, ndili ndi ana atatu, ndipo ana asanu aja amanditchula bambo aang'ono. Chipsera chili pamimbapa, nyemba sindidya, zolemera sindinyamula. Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa masiku amene sanali anga. Ndikuthokoza Yesu. Abusa akamawerenga kuti ndi mikwingwirima yake ife tinachiritsidwa, inu mumavomera amen. Ine ndimamva lamba pachipata chija.

Khadi lija ndi ili. Onani, lafiira ndi thukuta, dzina likuoneka pang'ono. Abale, ngati pali wina amene akumenyedwa chifukwa cha inu, musatseke maso monga ndinachitira ine. Ndipo ndikadzafa, pamtanda panga mudzalembe maina onse awiri. La Amidu likhale pamwamba.

Ambuye akudalitseni. Amen.