Ndinadula Mango Kuti Malata Aoneke

Zikomo aulutsi, ndiloleni ndiuze anzanga omvera zimene ndinadziputira ndekha kuno ku Liwaladzi.

Chaka chathachi, chotsatira chisankho cha matipate, mpunga unandichitira bwino ndipo ndinafolera nyumba yanga ndi malata. Koma mtengo waukulu wa mango unkaibisa, moti odutsa pamsewu sankaona kunyezimira kwake. Ndinanola nkhwangwa.

Mkazi wanga anati, "Bambo a mwana, mthunziwu wakulakwirani chiyani?" Ine ndinangougwetsa mtengowo. Mmisiri wofolera nyumbayo nayenso anali atandilangiza kuti tikweze khoma ndi kusiya timipata ta mpweya, ine ndinakana pofuna kulowamo msanga.

Itafika Okutobala, nyumba ija inasanduka uvuni. Khanda lathu linatuluka zidzolo thupi lonse, linkangolira osatonthola, bere n'kumalikana. Masana ena apongozi anga aamuna anabwera kudzationa. Kudenga sanayang'aneko n'komwe. Anagwira khoma ndi chikhatho, anakhala pampando pang'ono, kenako anatuluka akupukuta thukuta.

"Akamwini," anatero mofatsa, "malatawa mwafolera anthu apamsewu. Nanga okhala munowa mwawafolera chiyani?"

Tsiku lomwelo anatenga mwana wawo ndi mdzukulu kupita nawo kunyumba yawo yaudzu. Patatha masiku atatu khandalo linayambiranso kuyamwa.

Ndinabowola timipata tija, ndinaika siling'i ya mphasa, ndinadzala mango ena pafupi ndi chitsa chija. Anzanga, nyumba muziiyesa muli mkati, dzuwa lili paliwombo. Mtengo uja ndinaugwetsa m'mawa umodzi wokha. Watsopanowu sunandifike n'komwe m'chiuno, pomwe mwana wanga wayamba kale kuyenda, ndipo pabwalo lonse palibe pomwe angausepo.