Mbaula ya mabowo awiri

Aulutsi, ndikulemba kuchokera kwa Kanduku kuno ku Mwanza. Ndine mayi wamasiye, ana anga onse ali ku Blantyre.

Utsi wa pamafuwa utayamba kundipweteka chifuwa, ndinaitana mmisiri kuti andimangire mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni. Mtengo anatchulawo unali wa mbuzi yathunthu. Ndinacheuka kuti ndifunse bambo a kunyumba, poti onenerera mitengo anali iwo, koma pakhonde panali mpando wokha.

"Achimwene, simukundidyera masuku pamutu?" ndinafunsa.

"Ayi mayi, umenewo ndi mtengo wa mabowo awiri, lina lophikira, lina lotenthetsera madzi osamba. Poti mumakhala nokha, ndikumangireni ya bowo limodzi, mtengo utsika."

Sanandinamize, mnzanga wa ku Thambani anamangitsa pa mtengo womwewo. Koma mawu oti "nokha" anandilasa mumtima. Ndinagulitsa mbuzi, n'kumuuza kuti amange ya awiri.

Mbaulayo ndi yabwino, sidya nkhuni. Bowo lachiwirilo ndinalivundikira ndi mbale yakale kuti moto usamathawe. Ana anga, ngati mukumvera wailesi, mbaleyo sinachokepo chaka chonse chino.