Kiyibodi Yosaimba Yokha

Pa siteji ya maminibasi ku Liwonde, mayi wina anakhala atakumbatira katoni yaitali ngati chitseko. Bambo amene anali pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, katunduyu ndi wa kutchalitchi?"

"Iyayi, ndi kiyibodi ya kunyumba. Aziphunzirira mwana wanga Scholastica."

"Mwatenga yoimba yokha ija? Ukangodina batani, ng'oma ndi gitala zimayamba zokha."

"Imeneyo amandikakamiza m'sitolo, ine ndinakanitsitsa. Ndatenga ya makiyi olimba, yoti chala chizigwira ntchito."

"Aa, mwanayo atopa nayo. Makwaya a kwathu kwa Kawinga akungodalira batani masiku ano."

"Bambo, pa maliro a amuna anga, woimba kiyibodi anadina batani lolakwika. Bokosi likutuluka m'tchalitchi, inayamba nyimbo yovinira pa ukwati. Mnyamatayo anasowa pozimitsira. Azimayi ankabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedera ndi kuseka."

"Pepani, mayi."

"Ondipepesa anachuluka kale. Scholastica aphunzira basi, alire asalire. Tsiku langa likadzafika, adzandiperekeze ndi zala zake, osati batani."