Boti la Nasiru Linalira Tsiku la Mpira

Ine ndine Mwanaisha Alli, wa zaka 46, wa m'mudzi mwa Mtepa, Mfumu Yaikulu Mwambo, boma la Zomba. Ndimawamba nsomba padoko la Namiyala. Ndabwera kuno kupolisi kudzanena za mlongo wanga wamng'ono, Nasiru Alli, woyendetsa boti la injini pakati pa doko lathu ndi chilumba cha Chisi. Sanaonekenso chichokereni Lachisanu.

Ndiyambe ndi timu, bwana, chifukwa popanda timu nkhaniyi simuimvetsa. Timu yathu ndi Namiyala Makumba. Osewera ake ndi ana athu omwe, asodzi, akabaza ndi onyamula mabasiketi a matemba. Tikakwera minibasi ya ku Zomba anthu amatsegula mawindo, ati tikununkha nsomba. Koma akabwera pabwalo pathu Loweruka amabwerera atazyolika. Ine ndine woyambitsa nyimbo kumbali ya amayi, ndipo zimenezo sindichita nazo manyazi.

Timuyi inakula chaka chimene nyanja inauma. Mabwato anali gone pamatope, ntchito panalibe, anyamata ankangokhalira mpira, ndipo chaka chonsecho sanagonje. Madzi atabwerera akuluakulu anati mwayi wa timu umakhala pamtunda ngati mabwato ali pamtunda. Anakhazikitsa lamulo: tsiku limene Makumba akusewera pakhomo, bwato lililonse likokedwe ndi kuvundikiridwa pagombe kuyambira m'mawa mpaka wezulo yomaliza. Lamuloli silinalembedwe paliponse, koma ngakhale mwana wa sitandade wani amalidziwa. Chiyambireni sitinagonjepo pakhomo, mpaka Loweruka la sabata yatha ija, osati la dzuloli.

Tsiku limenelo tinkasewera ndi timu ya ku Songani. Masana, ndikumanga mpango kuti ndizipita kubwalo, Nasiru anafika kwanga foni ili m'manja. Anati amuimbira a ku Chisi kuti mayi wina wakanika kubereka, akufunika kuchipatala cha kumtunda kuno, ndipo maboti a kumeneko alibe mafuta. Anandifunsa kuti, "Achemwali, nditani?" Ndinamuuza kuti apite, koma apalase ndi nkhafi mpaka adutse bango, injini akailizire kutali. Anavomera. Kenaka mphepo inamukaniza kupalasa, ndiye anailiza ali pafupi.

Bwalo lathu lili chapafupi ndi gombe. Chigawo chachiwiri chili mkati, opanda wogoletsa, tonse tinamva injini. Padoko palibe amene sadziwa kulira kwa boti la Nasiru, limatsokomola lisanagwire. Ng'oma zinaleka zokha. Goloboyi wathu, Prince, anacheukira kunyanja, ndipo mpira umene ngakhale ine ndikanaugwira ndi chitenje unamudutsa pakati pa miyendo. Tinagonja ndi chigoli chimodzi chomwecho.

Mayi uja anafika kuchipatala, anabereka mwana wamkazi, onse ali moyo. Lembani zimenezo, chifukwa padoko palibe wazitchulapo.

Palibe anamumenya Nasiru, palibenso anamutukwana. Bola akanatero. Lolemba anaimika boti pamalo ake, koma anthu opita ku Chisi anamudutsa n'kukakwera mabwato opalasa, ena ndi njinga zawo zomwe. Wogulitsa mafuta anati mafuta atha, chigubu chodzaza chili pamapazi pake. Kumzikiti amuna ankasiya mpata wa munthu mmodzi kumanja kwake ndi kumanzere kwake. Ine nsomba zanga ankagula, moni ankandipatsa, koma akafika poti "nanga kunyumba" ankalekera pomwepo. Ndinayamba kuopa chifukwa anthu a kwathu ndi aphokoso, ndipo ndinali ndisanawaonepo ali chete chonchi.

Lachitatu madzulo, dzuwa lisanalowe, kunabwera a Dickson Grain, wapampando wa timu, amenenso ali ndi maboti awiri padoko. Anatipeza ine ndi Nasiru pakhonde panga. Ndinawapatsa mpando, anakana. Analankhula mofatsa, chipewa chili m'manja. Mawu amene ndikuwakumbukira bwino ndi awa: "Chimene chapita pamadzi, amakachitenga ndi yemwe anapita nacho." Anafotokoza kuti Loweruka likubwerali kuli mpira wina wa pakhomo, ndipo Nasiru ayenera kupita ndi iwo panyanja Lachisanu, akafike pamene anali pa nthawi imene chigoli chinalowa, akapepese, mwayi ubwerere.

Ndinawafunsa kuti akapepese kwa ndani, kwa mlamba? Ndinawauzanso kuti ngati akufuna wolakwa akafunse Prince chimene ankayang'ana kunyanja mpira uli kutsogolo kwake. Pakamwa panga mukupamva nokha, sindisunga mawu. A Grain sanakwiye. Anangoti, "Amake Shamila, mlandu suola," n'kuvala chipewa.

Atachoka ndinamuuza Nasiru kuti asapite, akagone kwa malume athu ku Songani mpaka mitima izizire. Anaseka. Iyeyu anasewerapo timuyi kumbuyo, bondo lake lamanzere linathera pabwalo lomwelo, ndipo jezi yake yakale amaisunga m'sutikesi pamodzi ndi zovala za Idi. Anati, "Achemwali, ndi anthu athu omwe. Akufuna andinyazitse pang'ono basi, ndiye andinyazitse." Anatinso usiku samagona akaganiza za chigoli chija. Pamenepo ndinadziwa kuti nayenso akukhulupirira kuti ndi iye anagonjetsa timu, ndipo zinandipweteka kuposa zonse.

Lachisanu, atatuluka kumzikiti, anapita kugombe atavala jezi ija. Ine ndinali pa uvuni wanga wowambira nsomba, pamalo poti gombe lonse ndimaliona. Anakwera boti la a Grain, osati lake. Munali a Grain ndi amuna ena awiri a mukomiti ya timu, amene nkhope zawo ndikuzidziwa ndipo ndingathe kuwaloza. Mwera unali ukuomba, moti asodzi ambiri sanalowe. Pagombe panali anthu ochuluka kuposa masiku onse, ataimirira, osalankhula. Boti litalowa m'bango anabalalika.

Linabwerera dzuwa litapendeka. Munatsika anthu atatu. Ndinasiya nsomba pamoto n'kuthamangira a Grain. Anati Nasiru watsala ku zimbowera, kumisasa yoyandama ya asodzi, kwa anzake, chifukwa sibwino aoneke padoko mpira usanachitike. Anati abwera Lamulungu. Ndinafunsa kuti anzakewo ndani, anati sanawafunse mayina. Buluku la a Grain linali lonyowa mpaka m'chiuno. Mmodzi wa awiri aja anali ndi bala latsopano pachigongono, ndipo sanandiyang'ane. Ndinaimba foni ya Nasiru, sinkapezeka, ndipo mpaka pano siikupezeka.

Loweruka m'mawa ndinapempha asodzi atatu osiyana kuti andiperekeze ku zimbowera. Onse anandilozera mabwato ovundikira. Nditakakamira, wina anati, "Mayi, mukufuna zichitikenso?" Ndinabwerera.

Kumpira ndinapita, chifukwa Gloria, mnzanga woyandikana naye nyumba, anati ndikapanda kuoneka anthu anena kuti banja lathu lonse laukira timu. Amayi anandiyang'ana kuti ndiyambitse nyimbo. Sindinaiyambitse, ndiye anayambitsa Gloria. Makumba anapambana ndi zigoli zitatu. Anthu anavina mpaka kumsika, anamunyamula Prince pamapewa, ndipo amuna akuluakulu amene sabata yonse sankatchula dzina la mlongo wanga anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Mmodzi anati, "Nasiru ndi mwamuna." Wina pambali pake anati, "Anali wa timu zenizeni." Ndinamufunsa chifukwa chake akuti anali. Analowa m'gulu.

Lero Lamulungu ndinadzuka m'mamawa kuti ndikadikire kugombe. Nditatsegula chitseko ndinapeza masamba aikidwa pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba yanga, monga timachitira pakagwa maliro. Pabwalo panali mitolo ya nkhuni. Amayi anali atakhala kale pansi kuseri kwa khitchini, ena ndi mabeseni a ufa, ena ndi mpunga. Amuna ankafika mmodzimmodzi n'kumakhala pansi pa mtengo wa mango. Palibe ankalira.

Ndinafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinamugwira Gloria paphewa n'kumufunsa amene wamuuza kuti abwere ndi ufa. Anati anangoona anzake akubwera. Ndinafunsa ngati pali amene waona mtembo, kapena amene wapita ku zimbowera. Onse anayang'ana pansi.

Kenaka anafika a Grain ndi jumbo yakuda. Anagwada patsogolo panga, anthu onse akuona, n'kuiika pamapazi anga. Anati, "Timu imasamala anthu ake." Ndinatsegula. Munali nsalu yoyera ya sanda, yatsopano.

Ndinatenga jumboyo, ndinadutsa pakati pa anthuwo, ndinakwera kabaza wa kumudzi wina chifukwa a padoko pathu onse anati matayala aphwa, ndipo ndafika kuno. Kunyumba ndawasiya ali chikhalire. Moto sindinawalole kuyatsa.

Ndikupempha apolisi apite ku zimbowera lero lomwe, ndi boti lochokera kwina, ndipo akawafunse a Grain ndi anzawo awiri aja kumene anamusiya mlongo wanga. Nsaluyo ndi iyi, ndaipereka m'manja mwanu. A Grain ndi Mkhristu, sadziwa kadulidwe ka sanda, ndiye pali wina wa kumzikiti kwathu amene anawathandiza. Yadulidwa kale zidutswa zitatu, monga timachitira akamwalira mwamuna. Ndaiyeza ndi mkono panjira. Ndi ya munthu wamtali, ndipo Nasiru ndi wamtali.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Mwanaisha Alli ____________________

Wolemba umboni: ____________________