Chitsime Changa Chinabiriwira

Bawailesi, awerengereni anthu nkhaniyi, ngakhale ikundipweteka. Ine pa Kanyama ndine wapakamwa, makamaka podzitama ndi mdzukulu wanga wa ku yunivesite. Mipope itauma, ndinakumba chitsime pafupi ndi chimbudzi, aneba n'kumatunga.

Tsiku lina mphunzitsi wa mdzukulu wangayo anabwera ndi ophunzira m'komboni, ati zachilengedwe saphunzirira pa bolodi. Atathira utoto wobiriwira m'chimbudzi changa, ndinakuwa, "Yunivesite yake yopenta zimbudzi?" Anthu anaseka.

Kutacha, madzi a m'chitsime anali atabiriwira. Mdzukuluyo anagwada. "Ambuya, ndiye chifukwa chake ana a aneba akutsekula m'mimba."

Chitsimecho ndinakwirira ndekha, ndipo ndikakumana ndi anawo ndimayang'ana pansi.